Kulowa mu pub ya m'dera ku Ireland: nsangala ija imachokera kuti, nanga bwanji ma pub akutha?

Munthu ukangofika ku Ireland, kaya wabwerera sukulu kaya ntchito yosamalira okalamba ija ambiri akugwira masiku ano, sipapita nthawi usanamve mnzako wa kuntchito akuti tikaonane ku pub Lachisanu. Ndiye ambiri a ife timangomva kuti atiitanira ku mowa basi, opemphera amakana mwaulemu, ena amapita koma n'kukakhala pakona ndi foni mpaka nthawi yobwerera. Zonsezi n'zomveka, koma munthu amataya zambiri, chifukwa kwa eni dziko pub ya m'dera lawo ndi komwe amakadyera supu ndi masangweji akachoka kumanda, komwe banja limapita mwana akabatizidwa, komwe komiti ya timu ya mpira imakumana, komwe umamvera kuti uje wagonekedwa m'chipatala ndipo nyumba yakuti ikufuna wa lendi. Mowa ulipo, wambiri ndithu, ndipo zoipa zake ndizinena osabisa. Koma nsangala imene alendo amaitama ija sinangogwa kumwamba ayi, inamangidwa ndi malamulo a boma, umphawi wakale, ndi mwambo umene aliyense wa m'deralo amaudziwa ngakhale sunalembedwe pakhoma.

Choyamba tisiyanitse kaye. Ku Dublin kuli dera la Temple Bar, lodzaza ndi alendo ochokera m'mayiko onse, nyimbo kuyambira masana, ndipo pint imodzi, galasi lalikulu la mowa, kumeneko imatha kufika ma euro 10 pomwe m'madera ambiri a dzikoli ili cha m'ma euro 6. Kumeneko mukasangalala, sindikukana, koma si zimene ndikunena pano. Ndikunena pub ya pa kona pa msewu wa m'tauni yaing'ono kapena m'mudzi, yomwe wogulitsa amadziwa chimene bambo uja amamwa asanatsegule n'komwe pakamwa, yomwe makasitomala ake ambiri amabwera wapansi.

Mukaima panja muona kuti ma pub ambiri a ku Ireland alibe mayina a nyama kapena a mafumu ngati a ku England, ali ndi dzina la banja basi, O'Connor's, McCarthy's, Morrissey's, Kavanagh's. Zinayambira pa lamulo la mu 1872 lomwe linkafuna kuti dzina la mwini layisensi lilembedwe pamwamba pa chitseko, ndiye mwambowo unakhazikika mpaka lero, moti ngakhale pub itagulidwa ndi munthu wina nthawi zambiri dzina lakale silichotsedwa chifukwa anthu analizolowera. Kusiyana kwina n'kwakuti ku England ma pub ambiri anali m'manja mwa makampani ofulula mowa, woyendetsa pub n'kukhala ngati wa lendi chabe, pomwe ku Ireland ambiri ndi a mabanja, mwini wake amagona pamwamba pa pub pomwepo kapena nyumba yoyandikana nayo, ana ake anakulira kuseri kwa kauntala akutolera magalasi. Munthu wotere sangamuchite chipongwe kasitomala, mawa akumana naye ku Misa, ndipo mwana wake ali kalasi imodzi ndi mwana wa kasitomalayo.

Lamulo limene linasintha zinthu kwambiri ndi la mu 1902. Nthawi imeneyo dziko lonse linali pansi pa Britain ndipo ma pub anali atachuluka mopitirira muyeso poyerekeza ndi anthu amene anatsala pambuyo pa njala yaikulu ya m'ma 1840 ndi kusamuka kwa anthu mamiliyoni kupita ku America ndi kwina. Ndiye boma linati basi, malayisensi atsopano ayi. Mpaka lero mfundo imeneyi ikugwirabe ntchito, ukafuna kutsegula pub yatsopano, kapena shopu yogulitsa mowa wa mitundu yonse wokamwera kunyumba, uyenera kugula layisensi ya pub ina yomwe ilipo kale n'kuithetsa ku khoti kuti yako ibadwe. Chifukwa cha ichi layisensi inasanduka chuma cha banja, chinthu chosiyira mwana ngati munda, ndipo n'chifukwa chake mumapeza pub imodzi ili m'banja limodzi mibadwo inayi, isanu. John Kavanagh's ya ku Glasnevin mu Dublin, yomwe anthu amangoitchula kuti The Gravediggers poti inatsamira mpanda wa manda ndipo adzukulu okumba manda ankamwera pomwepo, inatsegulidwa mu 1833 ndipo ikadali m'banja lomwelo, mulibe TV, mulibe nyimbo, mumangomveka anthu akuyankhula.

Kale kumudzi pub sinkagulitsa mowa wokha. Mbali imodzi ya chipinda inali golosale, tiyi, shuga, ufa, nyama ya nkhumba yamchere, mbali inayo ndiye kauntala ya mowa, ndipo zina zinkagulitsanso misomali, nsapato za m'matope ndi mbewu. Zoterezi zikadalipo zochepa, ku Dingle kuli Foxy John's komwe mbali ina ndi hadiweya mbali ina ndi bala. Chodabwitsa kwambiri kwa mlendo ndi pub yomwe mwini wake ndi yemwenso amakonza maliro, monga McCarthy's ya ku Fethard m'chigawo cha Tipperary. Izi zili ndi mbiri yake. Lamulo la mu 1846, nthawi ya njala ija, linkanena kuti munthu akafa mwadzidzidzi mtembo ukasungidwe ku pub yapafupi podikira kafukufuku wa imfayo, poti chipinda chapansi chosungira migolo ya mowa ndicho chinali malo ozizira bwino m'mudzi monse, ndipo mwini pub wokana ankalipitsidwa chindapusa. Lamuloli linakhalapo mpaka 1962. Ndiye taganizani, munthu mmodzi amene amakukongoza shuga, amakusungira kalata yochokera kwa mchimwene wako wa ku Boston, amaika bambo ako m'manda, ndi yemweyonso amakuthirira mowa madzulo. Ubale wa anthu ndi mwini pub unachokera kumeneku, ndipo nyumba zambiri za anthu wamba zinali zazing'ono ndi zozizira, zodzaza ana, moti malo ofunda okhala ndi moto komwe amuna akanakumana anali ku pub.

Tsopano mwakankha chitseko mwalowa. Mitu itembenuka kukuyang'anani, musaope, amatero kwa aliyense, ngakhale mzungu mnzawo wochokera tauni yoyandikana nayo. Gwedezani mutu, perekani moni, pitani ku kauntala chifukwa m'ma pub ambiri palibe amene abwere ku tebulo kudzatenga oda ya chakumwa, pokhapokha ngati mukudya. Pa kauntala palibe mzere wooneka ndi maso koma wogulitsa amadziwa amene anayamba kufika, ndiye osaimba mluzu, osagogoda ndalama pa kauntala, osakweza dzanja ndi khadi m'mwamba, ingomuyang'anani akuonani. Mumalipira pompo chakumwa chikabwera. Tipu sikakamizidwa pa kauntala. Ndipo mpando wa kumapeto kwa kauntala uja, ngakhale uli wopanda munthu, ngati pali nyuzipepala yopindidwa ndi magalasi a maso kapena kapepala kovindikira pa galasi la mowa, mwini wake wangotuluka kukasuta, ndipo mwina wakhala pamenepo zaka zambiri kuposa zaka zanu zobadwa.

Mukaitanitsa Guinness pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza pafupifupi mlendo aliyense. Wogulitsa amapendeketsa galasi, n'kuthira mpaka pafupifupi magawo atatu mwa anayi, kenako amaliika pa kauntala n'kuchokapo kukathandiza munthu wina. Musalitenge, sanaiwale. Yang'anani galasilo, mowa umaoneka wa bulawuni ngati tiyi wa mkaka, timathovu tating'onoting'ono tikuoneka ngati tikutsikira pansi m'mbali mwa galasi, pang'onopang'ono pansi pamayamba kuda bii, mdimawo n'kumakwera, thovu loyera lokhuthala n'kukhazikika pamwamba. Akatero ndiye amabwerera kudzadzazitsa, ndipo inunso mumadikira kachiwiri kuti ukhazikike musanamwe. Kampaniyo imati zonsezi zimatenga masekondi 119.5, nambala imeneyo ndi ya otsatsa malonda, koma kudikirako n'koona. Chimachititsa thovu lotere ndi mpweya wa nitrogen umene anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1959, patatha zaka 200 chisainireni Arthur Guinness lendi ya zaka 9,000 ya malo ofululira mowa a St James's Gate mu 1759 pa mtengo wa mapaundi 45 pa chaka. Amene anazolowera Guinness wa m'botolo wa ku Africa adabwa, chifukwa uja ndi Foreign Extra Stout, wowawa ndi waukali, ku Nigeria amafika 7.5 peresenti, pomwe wa pa mpopi wa mu pub ndi 4.2 peresenti basi ndipo ndi wofewa pakhosi. Pint imodzi ndi mamililita 568, mukafuna theka mumangoti glass. Ku Cork anthu ambiri amanyadira Murphy's ndi Beamish, mowa wakuda wa kwawo komweko.

Nkhani imene imamanga kapena kuphwanya ubale ndi ya raundi. Mukakhala pa gulu la anthu anayi, mmodzi amagulira onse, kenako wina, mpaka aliyense atagula. Palibe amene adzakuuzeni kuti nthawi yanu yakwana, ndipo mukazemba palibe amene adzayankhule pamaso panu, koma aona, ndipo sadzaiwala, mbiri yoti uje sagula raundi imamukakamira munthu zaka. Chinanso, munthu wa ku Ireland akati ndikugulireni chani, mwambo wawo ndi wokana kaye kamodzi kapena kawiri, iye n'kukakamira, inu n'kuvomera, koma kuvomerako ndiye kuti mwalowa m'ngongole yaulemu, muyenera kubweza galasi lake lisanathe. Ngati ndalama zili zochepa kapena simukufuna kumwa kwambiri, nenani poyambirira pomwe kuti ine ndizigula zanga, palibe amene akwiye. Ine mwambo wa raundi ndimauona mbali ziwiri. Umafananiza anthu, dokotala ndi wokonza mapaipi amagulirana mofanana, palibe bwana wogulira gulu lonse kuti amutamande. Koma umamwetsanso anthu mopitirira, chifukwa gulu la anthu asanu ndi mmodzi ndiye kuti ma pint asanu ndi limodzi, ndipo liwiro amaliika ndi amene amamwa mofulumira kuposa onse.

Osamwa mowa asadzione ngati alibe malo. Tiyi alipo, khofi alipo, madzi osakaniza ndi blackcurrant ndi otchipa, ndipo masiku ano ma pub ambiri ali ndi Guinness 0.0 ndi mowa wina wopanda ukali. Raundi mumalowa nawo ndi chakumwa chanucho. Za kudya zimatengera pub, ina ili ndi khitchini yeniyeni, nyama yootcha ndi mbatata ya kachewere Lamlungu masana, supu ya nsomba m'madera a kunyanja, ina ili ndi sangweji yotenthetsa ya hamu ndi tchizi ndi paketi ya makirisipi a Tayto basi.

Macheza ndiye mwini nkhani. Mukakhala pa kauntala ndiye kuti mwavomera kuyankhulitsidwa, mukafuna kukhala panokha khalani pa tebulo. Amayamba ndi nyengo, mvula yagwa dzulo, mvula ikubwera mawa, kenako funso lakuti kwanu n'kuti, ndipo mukati Malawi kapena Zambia musadabwe wina akati azakhali anga anali asisitere kumeneko, kapena msuweni wa bambo anga anali wansembe kumeneko, chifukwa amishonale a ku Ireland anagwira ntchito zaka zambiri m'mayiko athuwa ndipo mabanja ambiri amakumbukira. Akakuzolowerani ayamba kukuselewulani, za jekete yanu, za timu imene mumachemerera, za mmene mumanjenjemera ndi kuzizira. Zili ngati chisuweni, amene amakuselewula ndiye wakulandira, ndipo amayembekezera kuti nanunso mubweze, wongokupatsa ulemu wokhawokha ndiye kuti akadakuona ngati mlendo. Chimene sachikonda ndi kudzitama, kaya ndi ndalama kaya maphunziro, wodzikweza amamutsitsa ndi nthabwala mpaka aphwe. Ndipo chonde musadzanene kuti Ireland ndi mbali ya UK. Zigawo 26 zinachoka mu ulamuliro wa Britain mu 1922 pambuyo pa nkhondo, zigawo 6 za kumpoto ndizo zikadali mu UK, ndipo nkhani ya kumpotoko inaphetsa anthu oposa 3,500 mtendere wa mu 1998 usanabwere, ndiye mlendo ndi bwino kumvetsera kusiyana ndi kuweruza. Mukafuna nkhani yosavuta funsani za hurling, masewera omenya kampira ndi ndodo, kapena Gaelic football, mpira wa kwawo komweko, onse awiri masewera a bungwe la Gaelic Athletic Association (GAA) omwe osewera ake salipidwa ndipo ambiri amasewerera dera lobadwira, tsiku la fainolo ya dziko lonse, All-Ireland, ku bwalo la Croke Park mu Dublin pub yonse imavala mtundu wa chigawo chawo.

Nyimbo zachikhalidwe mu pub anthu ambiri amaganiza kuti ndi mwambo wa makedzana, koma ayi ndithu, kale ankaimbira m'makhitchini a m'nyumba ndi m'magule a pa mphambano. Zoimbira mu pub zinakula cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pakati pa anthu a ku Ireland amene anapita kukagwira ntchito za zomangamanga ku London, ankagona m'tizipinda ta lendi momwe sakanatha kuimbiramo ndiye ankakumana ku pub, kenako mwambowo unabwerera kwawo. M'ma 1960 pub ya O'Donoghue's ku Dublin inatchuka nazo, ndipo kamudzi ka Doolin m'chigawo cha Clare mpaka lero anthu amapitira zomwezo. Kuimba kotereku amakutchula kuti session, ndipo session yeniyeni ilibe siteji, ilibe maikolofoni. Anthu asanu kapena asanu ndi awiri amakhala mozungulira tebulo pakona, wina ndi vayolini, wina kachitoliro ka chitsulo, wina kodiyoni, wina ng'oma yopyapyala ya chikopa cha mbuzi yotchedwa bodhrán, amayang'anizana okhaokha osati kuyang'ana anthu, mmodzi akayamba nyimbo ena amene akuidziwa amalowerera. Mipando ya pa tebulo limenelo ndi ya oimba, musakhalepo, ndipo musajambule vidiyo pamphuno pa munthu musanapemphe. Nthawi zina wina amagogoda galasi, anthu n'kuuzana kuti shhh, nkhalamba ina yomwe yakhala chete usiku wonse n'kutsinzina n'kuyamba kuimba yokha popanda choimbira, nyimbo ya mavesi ambirimbiri ya munthu amene anakwera sitima osabwereranso, ndipo ngakhale wogulitsa amasiya kuwombanitsa magalasi mpaka ithe. Kuti anthu amazikonda zimenezi zinaoneka mu 2021, pomwe panabwera pulani yomanga hotela pamalo pa The Cobblestone, pub ya nyimbo ya ku Smithfield mu Dublin, anthu anayenda m'misewu ndi zoimbira zawo kutsutsa, ndipo khonsolo ya mzindawo inakana pulaniyo.

Koma nsangala imeneyi sinali ya aliyense, ndipo apa mpofunika kunena zoona. Kwa zaka zambiri pub inali ya amuna. M'ma pub akale muona kachipinda kakang'ono ka matabwa pafupi ndi khomo kapena kumapeto kwa kauntala, kokhala ndi chitseko chake ndi kawindo kolandirira chakumwa, amakatchula kuti snug. M'menemo ndi momwe munkakhala amayi, komanso wansembe kapena wapolisi wosafuna kuonedwa akumwa, ndi akuluakulu okambirana za ukwati wa ana awo. Lero anthu amalimbirana snug poti ndi malo abwino ochezera, ku Crown Liquor Saloon ya ku Belfast kuli zokongola kwambiri, koma chiyambi chake chinali kubisa anthu. Mpaka m'ma 1970 ma pub ena ankakana kugulitsa pint yathunthu kwa mzimayi, ena osamulola n'komwe kulowa wopanda mwamuna, ndipo amayi omenyera ufulu monga mtolankhani Nell McCafferty ankalowa dala m'ma pub otere kukatsutsa. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa malonda, Equal Status Act, linabwera mu 2000.

Amene akuvutikabe mpaka lero ndi a Traveller, mtundu wa anthu a ku Ireland komweko omwe kale ankayendayenda ndi ngolo, ndipo boma linawavomereza ngati mtundu paokha mu 2017. Kukanizidwa pakhomo pa pub kapena hotela, kumva kuti lero ndi za makasitomala okhazikika okha, ndi dandaulo lawo la tsiku ndi tsiku, makamaka pa ukwati ndi maliro. Mu 2003 lamulo linasamutsa milandu ya tsankho la m'malo omwera mowa kuchoka ku bungwe loona za kufanana komwe kudandaula kunali kwaulere, kupita ku khoti la District Court komwe munthu amaopa ndalama za maloya, ndipo mabungwe a ufulu wa anthu akhala akudandaula kuti zimenezi zinafooketsa odandaula. Munthu wakuda naye, m'ma pub ambiri a m'dera alandiridwa bwino kwambiri, koma mawu opweteka ochokera kwa woledzera amachitika, ndipo pamenepo mwini pub wabwino amadziwika ndi zimene achite.

Za mowa weniweniwo. Dziko limeneli lalimbana nawo kwa nthawi yaitali, ndipo amene amaganiza kuti munthu aliyense wa ku Ireland ndi chidakwa sadziwa mbali inayo. Mu 1838 wansembe wa ku Cork, Bambo Theobald Mathew, anayambitsa gulu lolumbira kusiya mowa ndipo anthu mamiliyoni analumbira, mu 1898 panabadwanso gulu la Pioneer lomwe mamembala ake amavala kabaji pa jekete, ndipo m'mabanja ambiri mumapezeka agogo amene sanalawepo dontho moyo wawo wonse. Lamulo la mu 1927 linatseka ma pub pa Lachisanu Loyera, ndipo chiletso chimenecho chinachotsedwa mu 2018, lero amatsekedwa pa Khirisimasi pokha. Kumwa kunafika pachimake mu 2001, malita oposa 14 a ukali weniweni wa mowa pa munthu wamkulu aliyense pa chaka, pofika 2023 kunali kutatsika kufika cha pa malita 10. Komabe bungwe la Health Research Board linapeza kuti kwa zaka zambiri anthu pafupifupi atatu ankafa tsiku lililonse ndi zifukwa zokhudza mowa. Bambo wansangala wa pa kauntala uja nthawi zina kunyumba kwake kuli mkazi ndi ana amene amamudziwa mwa mtundu wina, ndipo anthu a m'deralo amadziwa koma sanena.

Nthawi yotsekera ndi ya lamulo, 11:30 usiku kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, 12:30 usiku Lachisanu ndi Loweruka, 11:00 Lamlungu, kenako pali mphindi 30 zomalizira chimene chili m'galasi. Magetsi amaphethira kusonyeza oda yomaliza, ndipo pamapeto wogulitsa amayamba kukweza mipando uku akufunsa mokweza ngati anthu inu mulibe kwanu. Ana amaloledwa ali ndi makolo mpaka 9:00 usiku, kapena 10:00 m'miyezi ya May mpaka September. Zaka zogulira mowa ndi 18.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ma pub a mtundu umenewu akutha. Malinga ndi bungwe la makampani a zakumwa la Drinks Industry Group of Ireland, kuyambira 2005 ma pub oposa 2,000 atsekedwa, pafupifupi imodzi mwa inayi iliyonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a kumudzi, Dublin sinakhudzidwe kwenikweni. Zifukwa zake ndi zingapo ndipo zambiri mwa izo ndi zinthu zabwino pazokha, mpamene nkhaniyi imavutira. Pa 29 March 2004 Ireland inakhala dziko loyamba padziko lonse kuletsa kusuta fodya m'malo onse a ntchito kuphatikizapo ma pub, nduna ya zaumoyo nthawiyo anali Micheál Martin, eni ma pub anakuwa kuti tafa, koma lero ndi ochepa amene angafune kubwerera ku utsi uja, makamaka ogwira ntchito kuseri kwa kauntala. Mu 2006 apolisi anapatsidwa mphamvu yoyeza mpweya wa dalaivala aliyense pa rodibuloko, mu 2011 mulingo wololedwa wa mowa m'magazi unatsitsidwa kuchoka pa mamiligalamu 80 kufika pa 50, ndipo kuyambira 2018 wopezeka wapitirira amalandidwa layisensi yoyendetsera miyezi itatu ngakhale atapitirira pang'ono. Miyoyo yapulumuka pamsewu. Koma mlimi wokalamba wokhala yekha makilomita 8 kuchokera pa pub, kopanda basi kopanda takisi, amene ankabwera kudzamwa ma pint awiri ndi kuona anthu, tsopano amakhala kunyumba. Mu 2013 khonsolo ya chigawo cha Kerry inavomereza ganizo la Danny Healy-Rae, khansala wa kumeneko nthawiyo yemwe naye ndi mwini pub, lopempha kuti anthu a kumudzi azipatsidwa chilolezo choyendetsa atamwako pang'ono. Boma linakana, ndipo linachita bwino kukana, koma kusungulumwa kumene ankanenako n'koona ndipo yankho lake ndi mayendedwe a usiku kumidzi, omwe mpaka pano ndi osakwanira.

Onjezani mowa wotchipa wa m'masupamaketi, womwe unatchipa kwambiri lamulo loletsa kugulitsa zinthu pamtengo wotsika kuposa woodera litachotsedwa mu 2006, mpaka boma linaika mtengo wotsikitsitsa wa mowa mu January 2022. Onjezani achinyamata amene anasamuka chuma chitagwa mu 2008, inshuwalansi, magetsi, ndi ana a eni pub amene anaphunzira ndipo sakufuna kuima kuseri kwa kauntala masiku asanu ndi awiri pa sabata. Kenako Covid, ma pub anatsekedwa pakati pa March 2020, atatsegulidwa panali lamulo loti uyenera kugula chakudya cha ma euro 9 kuti umwe, ndipo ma pub osagulitsa chakudya a mu Dublin anakhala otseka kupitirira chaka. Ena sanatsegulenso. Ambiri a kumudzi amene atsala amatsegula madzulo okha, ena kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu basi.

Nthawi yomweyi kunja kwa dzikoli ma pub a chi Irish ali paliponse, Johannesburg, Dubai, Tokyo, m'mabwalo a ndege. Ena anatsegulidwa ndi anthu a ku Ireland osamuka ndipo ali ndi makasitomala awo okhazikika ngati a kwawo. Koma ambiri anachokera ku bizinesi yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe Irish Pub Company ya Mel McNally mogwirizana ndi Guinness inayamba kupanga ma pub athunthu ku Ireland, kauntala, magalasi a pakhoma, zikwangwani zakale, n'kuzitumiza m'makontena kukazilumikiza kunja, cholinga chili chogulitsa mowa wakuda uja m'misika yatsopano. Matabwa ake ndi abwino ndipo mowa umatha kukhala wabwino, chosatheka kulowa mu kontena ndi mwini pub amene anaika agogo anu m'manda.

Lamulo la mu 1902 lija, lomwe linathandiza kuti ma pub akhale m'mabanja, lero likuthandizanso kuwachotsa kumudzi. Kuyambira 2000 layisensi ikhoza kugulidwa kulikonse m'dzikomo n'kukagwiritsidwa ntchito kwina, ndiye mwini pub wokalamba wa m'mudzi wa ku Mayo kapena Roscommon akatopa, amene amabwera ndi ndalama kawirikawiri ndi supamaketi, shopu ya pa filing'i siteshoni kapena hotela ya m'tauni yofuna kugulitsa mowa, ndipo kwa iye ndalama imeneyo ndiyo penshoni yake, simungamunene. Mu 2022 boma linatulutsa pulani ya lamulo latsopano lofuna kuthetsa dongosolo logula layisensi ya wina, koma bungwe la eni ma pub a kunja kwa Dublin, Vintners' Federation of Ireland, linatsutsa ponena kuti malayisensi a mamembala awo adzasanduka mapepala opanda mtengo ndipo ma pub a kumudzi adzafa msanga. Mbali inayo imati dongosolo lakalelo ndi lomwe likulepheretsa wachinyamata kapena gulu la anthu a m'mudzi kutsegulanso pub yomwe inatsekedwa, popeza layisensi ikapita ku tauni, kuti mudzi ukhalenso ndi pub uyenera kusonkha ma euro masauzande ambiri kukagula ina kwa mudzi winanso umene pub yake ikutseka.